Chikho Chimene Aliyense Anapambana

M'nyumba mwathu ku Pembamoyo munali chithunzi chimene ana sitinkaloledwa kuchikhudza. Chinali cha atate ali mnyamata, atavala jezi yamizeremizere, phazi lili pa mpira, chikho chili m'manja. Anachipachika pamwamba pa chithunzi cha ukwati wawo, choncho tinakula tikudziwa chimene chinali chofunika pa ziwirizo.

Nkhani ya chikhocho inkanenepa chaka ndi chaka. Ndili mwana, atate anagoletsa chigoli chimodzi. Pamene ndinkakwatiwa zigoli zinali zitachuluka, china chamutu. Mlendo aliyense, ngakhale wongopempha madzi akumwa, ankaimva yonse, ndipo mathero ake sankasintha: "Amayi awa anandilola chifukwa cha chithunzi chimenechi." Amayi ankangopitiriza kutong'ola chimanga.

Zaka zingapo zapitazo kunabwera bambo wina wa ku Lusaka. Ntchito yake inali kufunafuna zithunzi zakale zamasewera, n'kuziyesa ngati zili zenizeni asanazipereke kwa anthu ozisunga ngati chuma. Anaitanitsa zithunzi ku sukulu ina pa boma. Atate anakulunga chawo m'chitenje, natenga amayi kuti akakhale mboni, ine n'kutsatira kuti ndikaone ulemerero wa banja lathu.

Tinapeza madoda ali pamzere, aliyense atakumbatira kakatundu kake kokulunga. Atate anandinong'oneza kuti ambiri mwa amenewo ndi aja ankawagonjetsa.

Mlendoyo anavala magolovesi oyera ngati akufuna kuchita opaleshoni. Chithunzi chilichonse ankachiyang'ana ndi galasi lokulitsira, kuchitembenuza kuti aone chidindo, ngakhale kuchinunkhiza. Kenako ankachiika pa mulu wake: zojambulidwa pabwalo la mpira uku, zojambulidwa mu situdiyo uko. Mulu wa pabwalo unali waung'ono mochititsa manyazi.

Atalandira cha atate n'kuchiyang'ana, anayala zithunzi za madoda onse pa desiki. Jezi inali imodzimodzi, yong'ambika paphewa. Mpira womwewo. Chikho chomwecho, chothyoka chogwirira chimodzi, ndipo kumbuyo kwa aliyense kunali nsalu yojambulidwa ndege. Ngakhale akatekisi athu akale, amene ankati mpira umajombetsa anyamata ku Misa, analipo atanyamula chikho chawo.

"Atate, chithunzichi n'chakaledi," anatero mlendoyo mwaulemu. "Koma pa boma pano panali wojambula amene ankabwereketsa jezi, mpira ndi chikho. Chidindo chake ndi ichi." Anachiika pa mulu wa situdiyo.

Ine ndinaseka mpaka misozi. Ndinaleka nditayang'ana atate. Sankayang'ana mlendoyo, ankayang'ana amayi, munthu amene anamuuza bodza limeneli asanamukwatire n'komwe. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinaopa ulendo wobwerera kunyumba.

Amayi anaimirira, nakonza chitenje chawo, n'kupita pa desiki paja. Anayamba kuloza zithunzi.

"Awa ananditumizira chawo. Awanso. Awa anatumiza kwa ine ndi kwa mng'ono wanga."

Madoda onse anayamba kuchita chidwi ndi malata a denga.

"Ndiye munkadziwa?" atate anafunsa chapansipansi.

"Abambo, chikho chothyokachi chinafika kwathu kangapo. Ena jezi inkawalendewera ngati thumba la feteleza. Inu nokha ndi amene inakukwanani." Anatenga chithunzicho pa mulu, nachikulunga okha. "Tiyeni, dzuwa lapita."

Chithunzicho chikadali pamwamba pa cha ukwati. Za zigoli atate anasiya kukamba. Masiku ano mlendo akapempha madzi amamva za jezi ija, mmene inawathinira pachifuwa mpaka kung'ambika paphewa, ndipo chifuwacho chikukula chaka ndi chaka.