Tonde wa Mwini Lole

Mkombero wa njinga ya atate ndinausunga chaka chonse, ngakhale unali wopindika. Anzanga akathamangitsa yawo ndi kamtengo inkapita molunjika, wanga unkakhota n'kukagwera patchire. Unapindika tsiku limene lole ya thonje inagubuduka pachitunda cha pafupi ndi kwathu ku Jumbe, pamsewu wopita ku Chipata. Ine ndinali giredi 3.

Inali nyengo yogula thonje, fumbi lili koboo. Malole ankadutsa atasenza mabelo mopitirira muyeso, thonje lina n'kumatsalira paminga m'mbali mwa msewu. Lole imeneyi aliyense ankaidziwa. Mabuleki ake anali a dzina chabe, ikaima ankachita kuitsekera tayala ndi mwala. Tsikulo inalephera kukwera chitunda, inabwerera m'mbuyo n'kugwa cham'mbali, atate ali pambuyo pake akukankha njinga. Azimayi ogulitsa nthochi ndi mtedza pamsewu anaona zonse. Ine ndinafika atawanyamula kale. Ndimakumbukira fungo la dizilo ndi thonje lofiira litamatirira pamiyala. Kuchipatala anawadula mwendo wakumanja m'munsi mwa bondo.

Patapita masiku, mwini lole anabwera kwathu atakoka tonde wakuda, wonunkha ngati matonde onse. Anavula chipewa, ananjuta pabwalo pamaso pa anthu, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, mayi? Ndabwera kudzapepesa." Amayi analandira chingwe ndi manja awiri. Mpaka lero sindilola munthu kuwanena kuti anapusa. Ife tinali obwera, ochokera kumtunda, munda tinachita kupatsidwa ndi eni dera. Munthu wamkulu akadzichepetsa pakhomo pako mudzi wonse ukuona, sumubweza.

Amalume, alongo awo a amayi, ankaphika kuloji ya alendo odzaona nyama ku Chinzombo. Atafika Lamlungu n'kupeza tonde pamtengo wa mango, anagwira m'chiuno. "Mlongo, mwalandira chingwe? Mwendo wa alamu n'kusinthana ndi ichi?" Analamula kuti mbuziyo isaphedwe. Ankati ikadali yamoyo ndiye kuti sitinavomere, ndipo mlandu suwola. Ntchito yoidyetsa inagwera ine, ndipo kunena zoona ndinkaida. Inandigundapo, inadyanso kope langa la masamu.

Aphunzitsi athu ndi amene anatiuza kuti ku Chipata kuli loya wa boma wothandiza anthu osauka. Amalume anavala jekete yawo ya kutchalitchi n'kukwera minibasi. Anabwerako akumwetulira. Loyayo akuti anaseka nkhani ya tonde, anati lamulo silidziwa mbuzi. Lole iliyonse imayenera kukhala ndi inshuwalansi, ndipo atate akanatha kupatsidwa mwendo wochita kupanga ndi chithandizo choti tikhalire. Koma apolisi anali atafika lole itakokedwa kale, dalaivala n'kuwauza kuti wanjinga ndiye analowa pamsewu. Chofunika chinali mboni, anthu oti akaime m'khoti n'kunena za mwala uja.

Apa ndiye panavuta. Amalume anayenda khomo ndi khomo. Azimayi aja ankawapatsa mpando, ankafunsa za odwala, ena ankalira ndithu. Koma za kukhoti, ayi. "Mbuzi ili pakhomo panu, ife tikanenenso chiyani? Munthu anapepesa, mlandu salipira kawiri." Wina anawonjeza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amalume anayesa kufotokoza kuti kwa loya mbuzi si kanthu, koma loyayo anali ku Chipata, ife tinkatunga madzi pachitsime chimodzi ndi anthuwa. Kwa nthawi yaitali ndinkawaona ngati ankhanza. Pano ndimaona kuti sankanama. Kwa iwo nkhani inatha pamene amayi anagwira chingwe, ndipo kukaidzutsa kukanakhala kuthandiza banja ladyera.

Amalume anaganiza zobweza tonde. Anamukoka dzuwa likuswa mtengo mpaka pamalo ogulira thonje, iye akukana, akulira njira yonse. Anapeza sikelo ataichotsa, nyengo yatha, mwini lole anapita kwawo kumene palibe ankakudziwa bwino. Mlonda anati sanatumidwe kulandira ziweto. Madzulo tinawaona akubwera, tonde ali patsogolo, akudziwa njira yakwathu kuposa iwo.

Atate anatuluka m'chipatala mvula yoyamba itagwa. Anthu ankapita kukadzala, iwo ali pamkeka, buluku lakumanja atalipinda n'kulimanga ndi kachingwe. Amalume anawafotokozera zonse, za loya, za mboni, za ulendo wobweza mbuzi. Atate anamvetsera. Masiku angapo ankangoyang'ana tondeyo akuzungulira mtengo wake. Kenako tsiku lina m'mawa anati, "Alamu, iphani. Ana adye."

Ine tsiku limenelo ndinasangalala, sindibisa. Nyama tinali titaiiwala, ndiponso mdani wanga anali mumphika. Ndinadya mpaka mafuta kutsikira m'zigongono. Atate anatenga chiwindi chawo n'kundiikira m'mbale. Amalume anakana kudya, anati m'mimba simuli bwino. Nditakhuta ndinafunsa mokweza, ndi mtima woyera, ngati lole ina ikagwa adzatibweretserenso mbuzi.

Palibe anandikalipira. Amayi anaika pansi nthuli imene anali atagwira, anasamba m'manja n'kupita kuseri kwa nyumba, ndipo anakhalitsako. Ine ndinadabwa kuti munthu angasiye bwanji nyama yokoma chonchi, ndiye ndinafunsa atate ngati ndingadye ya amayiyo. Anati idya.