Chaka Chimene Tinabwereka Goloboyi

Ine ndine munthu wokayika, ndipo sindibisa. Ntchito yanga ndi yokonza njinga pamsika wa kwathu ku Chiosya, ndiye ndinaphunzira kalekale kuti munthu akamati "njingayi ndi yolimba, ndinagula ku Chipata," uyambe wagwedeza gudumu usanavomere. Njinga zambiri zimangotsala dzina pafelemu, mkati zitadyeka. Mkazi wanga amati ngakhale mngelo atafika pakhomo ndingamufunse kalata ya kumene wachokera. Mwina akunena zoona.

Chaka chimene ndikunenachi, timu ya m'mudzi mwathu inafika m'ndime yotsiriza ya chikho chimene mwini golosale wina wa pamsika ankaika anthu akatha kukolola. Tinayenera kukumana ndi timu ya ku esiteti ya fodya ya tsidya la dambo. Kungotchula timu imeneyo, anthu ankagwa mphwayi. Inali ya matenanti ochokera kutali, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Dedza, anyamata okhwima ndi khasu, ndipo kwa zaka zambiri panalibe woigonjetsa. Panali wina wamanzere amene ankati shoti yake inathyola chala cha goloboyi wa kwa Zulu. Aliyense anali ndi msuweni amene anaona zimenezo ndi maso, koma msuweniyo ine sindinakumane naye.

Goloboyi wathu anali mwana wanga woyamba, mnyamata wamkulu ndithu wa ndevu zake, wosayankhulayankhula. Wophunzitsa timu anali mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga. Kutatsala masabata awiri, mlamuyo anayamba kunong'oneza anthu kuti akabwereke goloboyi ku Zambia. Kuno kumalire zimenezi si zachilendo. Umangodutsa njira ya m'minda, kukatenga munthu, kumuveka jezi, ndipo wina akafunsa umati ndi mdzukulu wa uje, anakulira kwa bambo ake. Munthu amene ankamufunayo ankati anasewerapo m'timu yaikulu ku Chipata, manja ake ngati ulimbo.

Mwana wanga atamva, anauza mayi ake, osati ine, kuti akangomukhazika pansi tsiku limenelo basi, anyamuka kupita ku Joni kumene anzake ankamuitana. Mayi ake anandifotokozera misozi ili m'maso. Ndinachita mantha, chifukwa mwanayo ndimamudziwa, sanena chinthu kawiri.

Ndinayamba kufufuza mmene a ku esiteti anafikira m'ndime yotsiriza. Ndinapeza kuti matimu awiri sanapite n'komwe kubwalo, anangoti kuli maliro, chonsecho kunali kuopa. Masewero achitatu anapambana ndi penate imene woyimbira anapereka dzuwa litapendeka, ndipo woyimbirayo anakwatira m'banja la kapitawo wa ku esiteti komweko. Kenako ndinakumbukira zimene zinadutsa m'manja mwanga momwemu. Fodya atagulitsidwa, matenanti ambiri anabweretsa njinga zawo kwa ine kuti ndizimasule mahandulo, zikwane bwino m'lole yowabweza kwawo. Chaka chimenecho anadandaula kwambiri ndi mitengo ya kumsika wa fodya, moti anachoka ochuluka kuposa masiku onse. Wamanzere uja njinga yake ndinaimanga ndekha ndi mphira, iye ataimirira pambali ndi mkazi wake ndi mtolo wa mapoto.

Komabe sindinadzikhulupirire. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndiye Lachitatu masana ndinatseka malo anga, ndinatenga njinga ya mlonda wina wa ku esiteti ngati ndikukamupatsa, n'kuwoloka dambo. Ndinapeza osewera a ku esiteti akuchita zokonzekera kuseri kwa zigafa. Majezi anali omwewo ofiira aja, koma m'katimo munali makalaliki awiri a mimba zawo, alonda, woyendetsa thirakitala, ndi anyamata angapo ongofika kumene amene sankadziwana ngakhale mayina. Mpira ukapita kutali ankayang'anizana kuti akatenge ndani. Ndinaganiza kuti mwina ndi chinyengo, andiona ndikubwera ndipo abisa eni ake. Choncho pobwerera ndinadzera kumene kumakhala matenanti. Nyumba zambiri zinali zopanda zitseko, udzu wa padenga utayamba kugwera mkati, pamafuwa mbuzi zitagonapo. Palibe amabisa munthu mpaka kuzula chitseko.

Ndinabwerera mtima uli m'malo, ndikudzitama m'njira monse. Komiti ya timu inakumana Loweruka pakhonde la golosale, amuna asanu ndi mmodzi pabenchi, mwana wanga atakhala chapatali pang'ono pa thumba la mtedza. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, ndi mawu okweza, chifukwa ndikadziwa kuti ndili pa chilungamo sinditha kutsitsa mawu.

"Timu imene mukuiopayo inakwera lole mwezi wa July," ndinatero. "Chatsala ndi majezi. Mukufuna kutulutsa mwana wa pakhomo chifukwa cha majezi? Nanga wa ku Zambiayo, ndani mwa inu wamuona akugwira mpira chaka chino? Musandiuze za kale. Kale ngakhale ine ndinali ndi mano onse."

Anthu anaseka, ndipo ndinaona kuti awiri atatu ayamba kupendekera kwa ine. Mlamu wanga sanaseke. Anadikira kuti phokoso lithe, kenako anayankhula motsitsa.

"Alamu, mwayankhula bwino. Tisayang'ane za kale, tiyang'ane za lero. Ndiye tatiuzani inuyo, popeza maso muli nawo: mwana wanuyu akugwira bwanji chaka chino? Mwamuona kangati?"

Zoona zake zinali zoti ndinali nditatha zaka zitatu osaponda pabwalo lathu. Tsiku lomaliza limene ndinapitako, a ku esiteti omwewa anamuchinya zigoli zisanu ndi chimodzi ali wamng'ono, anthu akundiloza kuti bambo wake ndi uyo. Ndinachita manyazi, ndinachoka masewero asanathe, ndipo sindinabwererenso.

"Si inu nomwe," mlamuyo anapitiriza, "mumatiuza pamsika pano kuti mwana wanu ndi dengu lobooka? Ife tinamva kwa inu, bambo wake. Lero tikhulupirire ziti?"

Mawu amenewo ndinkanenadi, mwanthabwala, kuti ndiyambe ndine kuseka anthu asanandiseke. Sindinadziwe kuti anthu ankawasunga. Ndinayesa kunena kuti timu siikadafika pamenepa ndi goloboyi wofooka, koma mlamuyo anati matimu amene tinakumana nawo anali ang'onoang'ono, ndipo ine matimuwo sindinawaone n'komwe. Mpaka lero ndimakayika kuti mwina anali atalonjezana kale ndi munthu wa ku Zambiayo ndipo ankangofuna pothawira. Koma pothawirapo ndinamupatsa ndine. Komanso kwathu kuno mwana ndi wa amalume ake, ine ndine mkamwini chabe. A komiti anagwirizana zobwereka. Nditacheuka, pa thumba la mtedza panalibe munthu.

Tsiku la masewero ndinapita, kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu. Mlendo wathu anafika pa njinga yamoto, ndipo ndinaona mmene anatsikira, akuyamba wagwira bondo ndi dzanja. Anali munthu wamkulu, wa imvi m'mbali, waulemu ndithu. Anthu anamuzungulira ngati wabwera ndi mvula. Mwana wanga anakhala pansi kunja kwa mzere, magolovesi ake atabwereketsa mlendoyo.

A ku esiteti anali monga ndinanenera. Theka la ola lisanathe anali akupuma ngati ng'ombe zokoka ngolo, ndipo anyamata athu, atazindikira kuti awa ndi anthu wamba, anachinya chimodzi. Chigawo chonse chachiwiri mpira unafika kugolo kwathu katatu kokha. Woyamba unali wapansi, wofooka, woti ngakhale ine ndikadautola, koma bondo la mlendo linakana kupinda, mpira n'kulowa. Wachiwiri anaugwira. Wachitatu unamudumpha ali chiimire, akuuyang'ana ngati mbalame ikudutsa. Tinagonja ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi. Anthu pobwerera ankati, "Mwaona? Esiteti ndi esiteti basi." Ena anabwera kudzandigwira chanza kuti ndinanena zoona. Sindinamve kukoma kulikonse, ndinangopsa mtima, osadziwa woti ndimupsere.

Patapita masiku anayi mwana wanga anamanga chikwama. Mayi ake anamuchonderera, amalume ake anabwera kudzapepesa, koma iye anangoti zikomo. Ndinamunyamula pa njinga kupita naye kumsewu wa ku boma. Tinayenda mtunda wautali, ine ndikupalasa, iye kumbuyo atagwira chikwama pamiyendo. Tikuyandikira msewu anayankhula ndi mawu ake otsika aja.

"Ababa, masewero atatu amene tinapambana aja, palibe anandichinya ngakhale chimodzi. Penate ndinagwira ziwiri."

Ndinaima, phazi pansi. "Nanga bwanji sunandiuze?"

"Munapita mpaka ku esiteti kukaona anthu a eni," anatero. "Bwalo lathu lili kuseri kwa msika."

Minibasi inafika nthawi yomweyo. Anakwera, anakhala mbali ya uko, ndipo ine ndinatembenuza njinga. Zaka zinayi zapita tsopano. Amaimba foni kwa mayi ake mwezi ndi mwezi, ndipo ndikafunsa, mayi akewo amati mpira anasiya.