Mfuti Imene a Stamper Anamusankhira Nadine

A Virgil Stamper anayamba kugulitsa mfuti m'tauni yathu ya ku Oklahoma kuno tsitsi likadali m'mutu. Ndi munthu wa tchalitchi, satukwana, ndipo pamaliro ndi iwo amayamba kufika. Chofooka chawo n'chimodzi: madoda amene amabwera kudzamwa khofi m'sitolo mwawo akayamba kuseka, iwonso amafuna kuseketsa.

Nadine Coker, amene amaphika ku sukulu ya pulayimale, analowa m'sitolomo madodawo alipo. Onse ankadziwa kuti mwamuna wake wakale, uja anamuthyola nthiti, watsala pang'ono kutuluka kundende. Nadine anaika pa kauntala kamfuti kakang'ono kotchedwa twente-thu, ka malemu bambo ake, n'kupempha zipolopolo.

"Mayi, kameneko n'kophera agologolo!" anatero Orval, dalaivala wopuma ntchito. "Iwe Virgil, chigawenga ukachiwombera ndi kameneka chingodzikanda."

Anthu anafa nacho chiseko. A Stamper ankadziwa bwino kuti Nadine, ndi kamfuti kameneko, saphonya mbale yapepala imene timakhoma pa thabwa kuti iimire chifuwa cha munthu. Anamuonapo ndi maso awo. Ankadziwanso za nyamakazi ya m'zala zake. Koma anatulutsa fote-faifi, chimfuti cholemera, n'kuchiika pambali pa kakang'onoko.

"Akunena zoona, mayi. Ichi chikalira, ngakhale m'busa amasiya ulaliki."

Nadine anayang'ana madodawo, manyazi ali m'maso, ndipo anasinthitsa kamfuti kake ndi chimfuti chija. Kamfuti ka bambo ake kanagulidwa ndi mlendo wodutsa sabata yomweyo.

Loweruka lina a Stamper anamupeza Nadine kumalo ophunzirira kuwombera, kuseri kwa sitolo. Anaima patali. Nadine ankatsinzina asanawombere n'komwe, mfuti n'kuweramira pansi, fumbi n'kubuka kutsogolo kwa thabwa. Zipolopolo zitatha anapita kukachotsa mbale ija. Inali yoyera mbee, yopanda bowo.

"Zikuyenda, mayi?"

"Mbale iyi ndikadyeramo kunyumba, a Stamper," anatero akuseka, uku akusisita zala. "Mwina ndakalamba."

Apa ndi pamene akanamuuza zimene amauza ophunzira onse, kuti chipolopolo chaching'ono cholowa pamalo chimaposa chachikulu chogwera m'dothi. Mawuwo anafika pakhosi. Koma Orval anali atatsamira mpanda, ndipo a Stamper anangoti, "Muzolowera."

Nadine sanabwerenso kudzayeserera. A Stamper anasiya kumwa khofi ndi anzawo aja, akumati mimba yawavuta. Atamva kuti mwamuna wakale wa Nadine uja watuluka kundende ndipo waoneka akumwetsa mafuta galimoto pamphambano, anatenga twente-thu yatsopano ndi zipolopolo zake, anatseka sitolo masana, n'kupita kwa Nadine.

Anapeza makatani otseka, nkhuku kulibe, maluwa a pakhonde atachotsedwa ndi miphika yake. Mayi woyandikana naye anatuluka akupukuta manja.

"Wapita kwa mng'ono wake ku Tulsa. Ntchito wasiya, nyumba akugulitsa. Akuti sangakhale yekha muno poti manja ake anasiya kulunjika."

"Manja ake alibe vuto," anatero a Stamper.

"Ndiye mukanamuuza iyeyo, osati ine."

A Stamper anakhala pa masitepe a khondelo, bokosi la mfuti yatsopanoyo lili pamiyendo, mpaka mayi uja anabwerera m'nyumba mwake.