Chingwe cha Intaneti M'manja mwa Mayi Alufandika

Lachinayi, 4 Sepitembala

Ndadzuka alamu isanalire, mtima uli m'malo, ngakhale kuti mawa ndi tsiku langa lomaliza ku ntchito. Lolemba ndikubwerera kusukulu kukayamba Fomu 4. Anzanga andifunsa kale kuti mu shopu ya makompyuta mumatani tsiku lonse, ndiye ndati ndilembe ndisanaiwale, makamaka za Lachisanu lija.

Ntchitoyi ndinaipeza kutchalitchi kwathu ku Nkolokosa. Amayi a Mvano ankakonza pulogalamu ya msonkhano wawo, koma zithunzi zinkakana kupita pa imelo. Ine ndinaphunzirako pang'ono ku kalabu ya makompyuta kusukulu, ndiye ndinawathandiza. Mlembi wawo, Anti Esnart, ali ndi shopu ku Limbe, ndipo wantchito wawo anali atapita kukabereka. Sanandifunse ineyo. Anapita kwa amayi anga n'kunena kuti, "Mtsikana wanuyu mundibwereke holide ino." Amayi anavomera, bola ndizifika kunyumba dzuwa lisanalowe.

Shopuyo ndi kachipinda kopapatiza kumbuyo kwa sitolo ya misomali ndi penti, pafupi ndi pokwerera minibasi. Muli makompyuta awiri, pulinta yokhala ndi sikana, makina omatira mapepala m'pulasitiki, ndi benchi la makasitomala. Pa shelefu pali rawuta, kabokosi kamene kamabweretsa intaneti, ndipo chingwe cha buluu chimachoka pamenepo kudzalowa mu kompyuta yanga.

Ndinkaganiza kuti ndizingopanga fotokope. Koma anthu ambiri amabwera chifukwa cha mafomu a pa intaneti: ofunsira ntchito, malo kukoleji, kapena zachipatala. Mafomuwa amafuna chithunzi cha chitupa kapena satifiketi, koma amakana chikalemera. Kulemera kwa chithunzi timayeza ndi ma KB ndi ma MB, ndipo MB imodzi ndi ma KB pafupifupi chikwi. Foni imajambula chithunzi cha ma MB anayi, fomu n'kumafuna ma KB 500 basi. Nthawi zina vuto limakhala mtundu wa fayilo. Mafoni ena amasunga zithunzi mu mtundu wotchedwa HEIC pamene fomu ikufuna JPG. Tsiku lina ndinauza agogo ena kuti chithunzi chawo chalemera kwambiri. Anaseka mpaka kutsokomola. "Chalemera chithunzi, mwini wake ndikuyenda wapansi kuchokera ku Bangwe?"

Tsiku loyamba Anti Esnart anandiphunzitsa chinthu chimene sindinamvepo kusukulu. Pa intaneti pali masamba ambiri ochepetsera zithunzi. Ambiri amatenga chithunzi chako, kuchitumiza ku makompyuta a kutali, kuchikonzera komweko, kenako n'kukubwezera. Kaya kumeneko amasunga, kaya amafufuta, iwe sudziwa. Koma pali masamba ena amene amagwira ntchito yonse mu bulawuza, pulogalamu yotsegulira masamba ija, mkati mwa kompyuta yako yomweyo. Anti anatsegula tsamba limene amagwiritsa ntchito, kudikira kuti litseguke lonse, kenako anazula chingwe cha buluu.

"Tsopano ika chithunzi, Tiya," anatero.

Ndinaika, ndipo chinachepa, intaneti palibe.

"Ukaona tsamba likufuna netiweki kuti ligwire ntchito, dziwa kuti chithunzi chikutuluka m'nyumba muno. Chitupa cha munthu sichituluka."

Kachitidwe kake n'kosavuta. Umalumikiza foni ndi kachingwe, kukopera chithunzi mu foda, kuchikokera pa tsambalo, ndi kusankha JPG. Pansi pali kamzere kokhala ndi kadontho. Ukakakokera kumanzere chithunzi chimachepa kulemera, koma ukapitirira chimayamba kuoneka mbuu, zilembo n'kusweka ngati timabokosi. Sabata yoyamba ndinawononga chidindo cha pa satifiketi ya mphunzitsi wina mpaka sichinkawerengeka, ndipo Anti anandibwerezetsa katatu. Ukamaliza umafufuta mu foda, kenako mu bini momwe zofufutidwa zimagwera, kasitomala akuona.

Lachisanu la sabata yachinayi Anti anapita kumaliro ku Chilomoni n'kundisiyira makiyi. Cha m'ma 11 koloko benchi linali litadzaza. Kenako analowa mayi wina wa zaka ngati za amayi anga, atavala yunifolomu ya ntchito za m'nyumba ndi chitenje pamwamba. Sanakhale pa benchi. Anaima pakona atagwira foni ndi manja awiri, akuyang'ana khoma.

Nthawi yawo itakwana anandipatsa kapepala kolembedwa ndi namwino. Dzina lawo linali Mayi Alufandika. Analankhula motsitsa kwambiri moti ndinachita kuwerama. Kwawo ndi ku Nsanje, amagwira ntchito m'nyumba ina ku Namiwawa. Anali ndi bala pabere limene silinkapola. Kuchipatala kukubwera madokotala ochokera kunja, ndipo azisankha odwala oti awaone poyang'ana zithunzi zotumizidwa pa fomu. Fomuyo inkatsekedwa 12 koloko tsiku lomwelo. Mwana wawo wamkazi ndiye anawajambula ndi foni yakale imene abwana awo anawapatsa, koma atayesa kutumiza, fomu inakana.

Ndinawerenga kapepalako: zithunzi ziwiri, JPG, chilichonse chisapitirire ma KB 500. Ndinadziwa msanga vuto lake, ndipo ndinasangalala kuti ndikulidziwa. Ndiye ndinayankha mokweza, ngati mmene ndimayankhira m'kalasi.

"Aa, palibe vuto, mayi. Bweretsani foni tikupeputsireni."

Mu shopu mawu amenewa timawanena tsiku lililonse. Chithunzi chikalemera timachipeputsa. Koma iwo sanamve bwino, anamva kuti "tikupeputseni". Nkhope yawo inasintha. Anabweza foni m'chitenje.

"Mundipeputse? Inu mwana inu? Ndabwera ndi matenda, osati kudzasekedwa."

Pa benchi wina anaseka. Mayiwo anatembenuka kuti azipita, ndipo wotchi ya pakhoma inali pa 11:20. Ndinadziwa kuti akatuluka sakapeza kwina nthawi isanathe, ndipo mwina sakayesanso n'komwe.

Ndinazungulira tebulo, ndinagwada pang'ono monga ndimachitira kwa azakhali anga, ndi kunena chapansipansi kuti, "Pepani amayi, ndalankhula molakwika. Ndimanena chithunzi, kuti chichepe kulemera fomu ichilandire. Inuyo ayi."

Anatulutsanso foni ija m'chitenje. Kenako anafunsa funso limene palibe kasitomala anandifunsapo.

"Chikachoka mu foni yangayi, chikupita kuti?"

Anandiuza kuti mnzawo wina anapereka foni kwa okonza, ndipo patapita sabata zithunzi zake zinali m'magulu a pa foni, mpaka alonda a mumsewu wawo anaziona. Mayi ameneyo anasiya ntchito n'kubwerera kumudzi.

Bambo wina wa tayi, amene ankadikira kuti ndimutayipire kalata ndi kumutumizira chitupa pa fomu, analowererapo. "Asisi, ingodzitumizirani pa foni ya pa shopu, chimachepa chokha. Enafe tili ndi zochita."

Zimene ananenazo n'zoona, chimachepa. Koma chikanatsala mu foni ya pa shopu, imene tonse timaigwira, ndipo chikanadutsa kunja. Ndinamuyankha kuti, "Bambo, ndipirireni mphindi khumi." Anang'ung'udza kuti ana a masiku ano akangodziwa kompyuta basi, koma anakhala.

Ndinatsegula tsamba lija mpaka linatseguka lonse. Kenako ndinazula chingwe cha buluu kumbuyo kwa kompyuta ndi kuwapatsa Mayi Alufandika m'manja.

"Njira yotulukira m'chipinda muno ndi imeneyi yokha. Gwirani inuyo. Mukapanda kundibwezera, palibe chimene chituluke."

Anachiyang'ana kumutu kwake, kapulasitiki kakang'ono koonekera mkati. Anachikulunga pa chala ngati chingwe cha mbuzi.

Panatsala vuto la sikirini, chifukwa imayang'ana ku benchi. Ndisanaganize chochita, iwo anamasula chitenje chawo. Nsonga imodzi anaikoleka pa msomali wa kalendala, ina anaigwira ndi dzanja limene linalibe chingwe. Tinakhala awiri kuseri kwa nsaluyo, kukutentha, kukumveka fungo la sopo wochapira. Mayi wina pa benchi anauza anthu kuti, "Tiyeni tiyang'ane kumsewu," ndipo ndinamva benchi likukhwekhwerezedwa.

Ndinalumikiza foni. Zithunzi zinali HEIC, china ma MB atatu, china anayi. Ndinazikokera pa tsambalo maso anga ali pa manambala okha, chifukwa ndinkaona kuti si bwino mwana ngati ine kuyang'ana thupi la munthu wamkulu. Ndinasankha JPG, ndinakokera kadontho kumanzere kwambiri. Nambala inatsika kufika 90. Ndinati ndamaliza.

Koma ndinakumbukira kuti nambala yokha sikuuza ngati chithunzi chikuoneka. Dokotala akalandira chinthu cha mbuu, angodutsa n'kuona wodwala wina. Panalibe njira ina.

"Amayi, ndikupempha chilolezo. Ndiyenera kuyang'ana, kuti ndione ngati adokotala adzathe kuona bwino."

Anapuma mozama. "Yang'anani, mwananga. Ndinu mkazi."

Ndinayang'ana. Sindilemba zimene ndinaona. Ndingonena kuti m'mphepete mwa balalo munali mutasweka timabokosi tokhatokha, moti sukanadziwa pamene khungu labwino likuthera. Ndinabweza kadontho kumanja pang'onopang'ono, ndikuyerekeza ndi chithunzi choyambirira chimene tsambalo limaonetsa pambali. Pa 300 munali mukadali mbuu. Pa 620 munkaoneka bwino, koma fomu ikanakana.

Ndiye ndinaona kuti theka la chithunzicho linali khoma, zenera, ndi nkhope yawo kuyambira pachibwano mpaka m'maso. Kapepala ka namwino sikanatchule nkhope.

"Nkhope ndi khomali ndingadule? Chitsale chofunika chokha."

"Zimatheka?"

"Zimatheka."

"Dulani. Dulani msanga."

Nditadula, chithunzicho chinatsika kufika 410 chikuonekabe bwinobwino. Chachiwiri ndinachita chimodzimodzi, chinafika 455. Ndinasunga zonse ziwiri n'kutseka tsambalo. Nthawi inali 11:46.

"Tsopano ndikufuna chingwe, amayi. Tsamba lija ndatseka. Titsegula fomu ya chipatala yokha, ndipo zipita kwa adokotala basi."

Sanandipatse nthawi yomweyo. Anayang'ana sikirini, anayang'ana ine. Kenako anamasula chingwe pa chala, pomwe chinali chitasiya mzere, n'kundipatsa. Intaneti inachedwa kubwerera, kabwalo kakungozungulira, ine ndikupemphera chamumtima. Ndinalemba dzina lawo, zaka, nambala ya foni, ndi kuika zithunzi. Pa 11:54 panatuluka mawu obiriwira oti fomu yalandiridwa. Ndinawawerengera m'Chichewa.

Kenako ndinatsegula foda n'kuwauza kuti adine okha batani lofufutira. Anadina ndi chala chimodzi mwamphamvu, ngati akupha nsikidzi. Tinatsegula bini, anadinanso. Ndinawaonetsa kuti monse muli mbee. Atatero anatsitsa chitenje n'kuchimanganso m'chiuno.

"Takhuta, mwananga," anatero, kuthokoza kwa Chisena kumene ndimamva kwa agogo anga a ku Chikwawa.

Bambo wa tayi uja atafika patebulo sanadandaulenso. Anangoti, "Chitupa changanso muchite zomwezo, muzule chingwecho."

Anti Esnart atabwera Loweruka ndinawafotokozera zonse, kupatula za matendawo. Pa nkhani ya mawu aja anagwira pakamwa. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti tiwapeputsira, osaganizako!" Kuyambira tsiku limenelo timati "tichepetse kulemera kwa chithunzi", ngakhale kuti n'kotalika.

Lachiwiri lapitali Mayi Alufandika anaima pakhomo la shopu, atatumidwa kumsika. Anandikodola kuti nditulukire panja. Achipatala awaimbira foni, akaonedwa Lolemba m'mawa. Anandipatsa kajumbo ka masawu ouma ochokera kwawo, n'kuthamangira minibasi. Sindikudziwa zimene madokotala akapeze, ndipo ndikuwapempherera. Koma akaonedwa, ndipo chithunzi chawo anachiona ndi anthu okhawo amene iwo analola.

Chimene ndatenga pa ntchitoyi ndi ichi: munthu sangakhulupirire zimene zikuchitika mkati mwa kompyuta chifukwa choti iwe wanena. Uyenera kumupatsa chinthu choti agwire ndi dzanja lake, ndi kumupempha usanayang'ane. Ndikunyadira kuti tsiku limenelo ndinali ndekha ndipo sindinathawe.

Mawa ndinyamuka molawirira. Ndapempha amayi chitenje chawo chakale chobiriwira, ndachichapa ndi kuchisita. Ndikabwereka hamala ndi misomali iwiri kusitolo ya kutsogolo, ndikamange waya wopachikapo chitenjecho pamwamba pa kompyuta yanga, kuti wobwera pambuyo asadzachite kuvula chake.