Thukuta la Pampopi

Ndinanamiza adokotala, ine mphunzitsi wathunthu. Mnofu wa pamsongolo unkandiuma gwa ndikamasewera mpira, ndikapuma n'kusiya. Kuchipatala anandiunika ndi sikani ija ya amayi oyembekezera, nati, "Kathamangeni panja mpaka ululu uyambe, tionenso ngati mnofu ukutupa."

Panjapo panali makolo a ana anga a m'kalasi. Manyazi anandigwira. Ndinabisala kuseri, kunyowetsa nkhope pampopi, n'kubwerera ndili wefuwefu. Sikani sinaonetse kanthu.

Mkazi wanga, amene anandiperekeza, anandinong'oneza, "Bambo a Tadala, thukuta lanji losanyowetsa malaya? Tiyeni."

Anamangitsa chitenje, navula masilipasi, ndipo tinathamanga limodzi kuzungulira chipatala anthu akuseka. Ulendo uno kutupa kunaoneka. Iye anatsimphina sabata yathunthu, osanditonza n'kamodzi komwe.