Dzina limene munalisiya tsidya la Zobue

Ndikulengeza ku mtundu wonse wa Amalawi kuti ine, mwini digiri ya mbiri yakale, ndalephera kudzaza fomu ya tsamba limodzi. Ndi ya kalata ya kubadwa ya mwana wanga, ndipo ndakakamira pamzere wa dzina la makolo.

Ababa, lero chakwana chaka chichokereni inu pa dziko lino. Mukukumbuka tsiku lija tili pamwamba pa pikapu ya ku Thambani, ine nditanyamula nkhuku? Munangoti phwa, kuti dzina la Phiri timadziwika naloli si lathu. Ndi la bambo amene anakusungani mutathawa nkhondo ku Mozambique, nakakulembetsani sukulu ngati mwana wawo. Ndinaseka mpaka misozi. "Ndiye tonsefe ndife a Phiri obwereka? Nanga lenilenilo ndi liti?" Inu munati, "Iwe, ndidzakuuza ukadzabereka. Panopa gwira nkhukuyo ingathawe."

Ndabereka, ababa. Ndazungulira kwa azakhali, ndafika pamalire a ku Zobue kawiri kufunsa madalaivala ochokera ku Tete, palibe akudziwa. Sabata yachitatu ino fomu ikungopindika m'thumba, ndipo mayi a mwana akuti ndi ulesi. Sindinawauze kuti ndikangolemba Phiri, ndiye kuti ndavomera kuti simudzandiuzanso.