Mpango wa Abiti Saidi

Linali Lachitatu m'mwezi wa Okutobala, chaka chimene sukulu inayamba kukhala yaulere. M'kope langa la tsiku limenelo ndinalemba kuti ndinali m'dambo la kwathu ku Liwaladzi, ndikuvuula chinangwa choviika. Fungo lake lowawasa limandibwererabe, losakanikirana ndi la matope ofunda, fungo losachoka m'zala ngakhale usambe ndi sopo.

Amayi anali atangochira kumene mwana, choncho ntchito ya chinangwa inagwera ine. Chikafewa chimayenera kuchoka m'madzi tsiku lomwelo ndi kukayanikidwa pathandala. Chikagonera chimasungunuka, ndipo kondowole wa sabata yonse amathera m'dziwe. Kudzaza beseni kunali kosavuta. Vuto linali kulifikitsa pamutu. Atsikana anzanga ankangoitana aliyense wodutsa kuti awasenzetse, koma ine sindinkaitana munthu. Ndinkaima pambali pa beseni ngati ndikuyang'ana nyerere, mpaka wina andimvere chisoni. Tsiku lina ndinayesa ndekha. Beseni linafika pachifuwa, linapendekeka, ndipo theka la chinangwa linagwera m'matope. Amayi sanandikalipire, anangoti tidye pang'ono.

Ndinali wamtali kuposa onse m'kalasi, ndipo anyamata ankanditcha Nsungwi. Pofuna kufupika ndinazolowera kuyenda chowerama, mapewa kutsogolo, maso pansi.

Amene ankandidabwitsa anali Abiti Saidi, mayi woyandikana nafe, wamfupi, wa mikono yowonda ngati mapesi. Iwo ankadzisenzetsa okha beseni loposa langa, nkhata osasuntha n'komwe. Ndinayamba kuwafufuza mwakachetechete, n'kumalemba m'kope. Poyamba ndinaganiza kuti ndi mikono, ndipo kwa masiku anayi ndinkanyamula mwala wonolera mipeni kuseri kwa nyumba. Mikono inangopweteka. Kenako ndinamva kuti asananyamule amanena mawu a Chisilamu akuti “Bisimila.” Ife tinali a tchalitchi, komabe ndinanong'ona mawuwo. Beseni silinapepuke.

Lachitatu limenelo Abiti anandipeza nditawerama pa beseni, miyendo yowongoka, ndikukoka ndi mikono yokha.

“Iwe mwanawe, ukunyamula kapena ukupepesa?” anafunsa akuseka. “Msana wapindika ngati mbedza. Ukufuna kuwedza chiyani m'matopemu?”

Anamasula mpango umene unali m'chiuno mwawo, wonunkha utsi wa nsomba, n'kundimanga nawo molimba mpaka ndinakoka mpweya. Anayandikiza beseni kumapazi kwanga ndi kundiuza kuti ndinyonyomale. Kenako anandimenya kachikhatho pakati pa mapewa.

“Wongoka! Mulungu anakupatsa utali, iwe ukuubweza? Chibwano mmwamba. Yang'ana mgwalangwa uwo, osati zala zako.”

Ndinaika beseni pabondo, kenako pachifuwa, zigongono pansi pake. Atati “Tiye!” ndinakankha nthaka ndi zidendene. Ndinamva mphamvu ikuchokera m'ntchafu, n'kudutsa m'mimba momangidwamo, ndipo mikono inangoperekeza. Beseni linakhala pankhata. Madzi ozizira anatsetserekera m'khosi mwanga. Abiti anali ataima pataliko, manja ali kumbuyo, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti sanakhudzepo.

Panjira ndinaona zinthu zimene ndinali ndisanazionepo: zisa za atchete pamwamba pa bango, ndi denga la mzikiti kuseri kwa mitengo ya mango. Titafika anatenga mpango wawo n'kupita.

Lero ndikudziwa kuti msana wowongoka umalola minofu ya miyendo, ya m'mimba ndi ya m'mapewa kugwirira ntchito pamodzi, ndi kuti nsaluyo inangondikumbutsa kulimbitsa mimba. Ndikudziwanso kuti manyazi ndi amene ankandilanda mphamvu. Koma mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri uja anali wotsimikiza kuti chinsinsi chonse chinali mu mpango. M'dziwe munali mutatsala chinangwa cha beseni lina chimene chinali chisanafewe, ndipo Abiti anali atanena kuti m'mawa adzalawirira ku Ngala kukagula usipa. Mzere womaliza wa tsambalo, wolembedwa mosindikiza pensulo, ukuti: “Mawa ndidzabwereka mpango wa amayi, ndidzadzimanga ndekha, ndipo sindidzadikira munthu.”